Zilembo Ziwiri Zotsala

Ng'ala anandichotsa zaka zitatu zapitazo,
diso lakumanzere, m'chisanu cha Julaye.
Ndinatsika phiri la Barón ndikuwerenga zikwangwani zonse
ngati mwana woyamba kumene sukulu,
ine Hermógenes, wolemba mayina pa mabwato a ku Caleta Portales.
Ndinayambanso kusiyanitsa buluu wa nyanja ndi buluu wa m'chitini.

Kenako chifunga chinabwerera, osagogoda.
Dokotala Maureira anati ng'ala sibwerera,
koma kathumba kosunga galasi lija tinakuikirani
kachita mbuu kumbuyo kwake.
Tikaboola ndi leza, mphindi zisanu, popanda mpeni, popanda magazi.
Anandipatsa pepala la zovuta zimene zimagwera ochepa.
Ndinasaina osawerenga.
Ndikanawerenga ndi diso liti?

Chibwano pachitsulo, chipumi palamba,
kadontho kofiira patsogolo panga.
Tha, tha, tha,
ngati wina akuthyola machesi m'kati mwa mutu.
Patapita ola anayeza, nati madzi a m'diso apanikizana,
nandisunga pabenchi mpaka madzulo ndi mankhwala odontheza.
Zimenezo zinatha. Ndinapita kwathu ndikuona ngwee.

M'mawa mwake ntchentche zinabwera,
zakuda, zopanda phokoso, zina zokoka kaulusi.
Ndikayang'ana kumwamba zimakwera, ndikaima zimatsika pang'onopang'ono.
Nélida ankaseka pondiona ndikuingitsa mphepo pamwamba pa supu.
Pa foni anati n'tizidutswa ta kathumba kaja, tikhazikika.
Tambiri tinakhazikikadi.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachitatu usiku,
mphezi inang'anima pakona pa diso, kunja kulibe mvula.
Ng'ani! Ndinatembenuka. Ng'ani!
Ndinali ndi bwato la Abelardo Quezada pamchenga,
dzina la mwana wake wamkazi, ROSALBA, zilembo zoyera pa thabwa lofiira,
ndipo amafuna kulowa m'madzi Loweruka.
Ndinati ndimalize kaye.
Lachinayi ndinalemba R, O, S, mphepo ikundivuta.
Lachisanu, nditangomaliza L,
mwaye unagwa m'diso ngati wina wakutumula thumba la makala,
ndipo katani yakuda inayamba kutseka kuchokera m'mbali.
Burashi inagwera mumchenga.

Kansalu ka kumbuyo kwa diso, kolandira kuwala, kanali katamatuka.
Sindinafunse zambiri, ntchito imeneyo ndimaidziwa:
penti ikang'ambika pang'ono, madzi amalowa pansi pake,
ndipo imasendeka yonse.
Ndinangofunsa ngati ndi leza ija.
Dokotala anakhala kaye chete, nati mwina inathandizira,
mwinanso diso lanu lalitali linali kale panjira.
Sanandinamize, ndimamulemekeza pa chimenecho.

Anamata, naikamo thovu la mpweya kuti ligwirize.
Masiku asanu ndi awiri chafufumimba,
kudya chowerama, kugona chowerama,
ndikuwerenga matailosi a pansi: makumi atatu ndi anayi, imodzi yosweka.
Tsiku lachitatu Nélida anapeza pepala lija m'thumba la jekete
nandiwerengera mokweza, liwu ndi liwu, osadumpha:
mukaona mphezi, bwerani tsiku lomwelo.
Anabwereza kawiri. Kenako anakatenthetsa tiyi.

Lero katani inachoka, koma mizere yowongoka imapindika.
Mlongoti wa bwato umaoneka ngati uli m'madzi.
Polemba ndimatsinzina lakumanzere,
ndipo dzanja limakumbukira zimene diso laiwala.
Lakumanja nalonso layamba chifunga chake.
Ndidzapita, ndidzaika chibwano pachitsulo chomwecho,
pakuti ochuluka amatuluka akuona, ndinawaona ndekha pabenchi paja.
Koma pepala ndidzawerenga, ngakhale zitenge tsiku lonse.

Abelardo sanadikire, nsomba sizidikira wolemba.
Bwato linalowa m'madzi Loweruka lomwelo lili ROSAL.
Ndamuuza kangapo kuti alikokere kumtunda ndimalize.
Akuti mwana wake wazolowera,
anzake onse akumuitana choncho.