Mwala Umene Tinkataya

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndinakwawa pansi pa phiri lino la ku Kentucky,
denga kumsana, madzi m'maondo.
Pakati pa malasha panali mzere umodzi wotuwa,
wochindikala ngati chikhatho changa,
wouma gwa, wogulula mano a makina.
Tinkautukwana.
Ngolo ikatuluka ndi mwalawo
kapitawo Stidham ankatidula malipiro.
Tinkautaya kuseri kwa tchalitchi
mpaka dzala linatalika kuposa mtanda wa padenga.

Lachiwiri kunabwera mtsikana wa ku yunivesite,
Marisol, wa nsapato zosadziwa matope athu,
kanyundo m'dzanja, timatumba ta manambala m'chikwama.
Anagwada padzalapo
ngati wapeza manda a mbale wake.

Akuti, a Orval, ili ndi phulusa.
Ndinati, mwana iwe, phulusa limabwera moto ukatha,
awa sanayakepo.
Akuti moto wake unayaka kwina.

Anakhala pakhonde, khofi wanga n'kumazizira.
Kuno kunali dambo, iye akutero,
zaka mamiliyoni mazana atatu zapitazo,
dambo lofunda, mitengo yopanda duwa, yopanda mbalame,
atombolombo a mapiko otalika ngati mkono.
Kutali phiri lina linaphulika,
pamene linali mpaka lero akatswiri amakangana,
ndipo thambo linagwetsa fumbi masiku angapo.
Kenaka zii.
Mitengo inaphukanso pamwamba pake.
Koma madzi a m'dambo, owawasa ndi masamba ovunda,
analowerera m'phulusa lija usiku ndi usana,
kulibera tizitsulo take,
kutsika nato pang'onopang'ono,
ndipo matope a masamba a pansi anatigwira
monga malaya oyera agwirira dzimbiri la pawaya.
N'chifukwa chake malasha ogundana ndi mzerewo
ndi amene ali ndi chuma.

Anatchula mayina:
niyodimiyamu, itiriyamu, disiporoziyamu.
Ndinati akumveka ngati mabotolo a pawindo langa,
awiri m'mawa, limodzi pogona.

Zilimo zambiri bwanji?
Akuti mu lole yodzaza, mwina chidebe, osadzazanso.
Ndiye mwavutikiranji ulendo wonsewu?
Sanayankhe. Analoza khutu langa lamanzere,
kachipangizo kamene kamandibwezera mawu
amene makina a mumgodi anandilanda.
Mmenemo muli kamaginito, akutero,
kochepa kuposa njere ya mpunga.
Chitsulo chake n'chomwechi.
Panopa chimachokera kutsidya kwa nyanja.

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira,
chija chimandipinda pakati ngati mpeni wa m'thumba.
Anadikira. Ali ndi ulemu mwanayo.

Mpweya utabwerera ndinati,
mkulu wanga Doyle anatsala pansi pomwepo,
denga linamugwera tikuthamangitsa malasha oyera,
ndipo chimene mukufuna lero
tinkachikankha ndi phazi kuti tidutse.
Ndinatinso, fumbi la mzere umenewo ndili nalo muno,
dokotala anandionetsa pachithunzi,
mapapo ngati usiku wa chipale chofewa.
Mukadzatha dzalalo mudzandipime inenso,
mwina ndikwana foni imodzi.

Sanaseke.
Anatseka kabuku kake, n'kuyang'ana phiri nthawi yaitali.
Akuti sindikudziwa ngati adzatsegule fakitale,
sindikudziwa ngati ntchito idzakhale ya anthu a kuno.
Ine ndimangoyeza.
Ndinamukonda chifukwa cha mawu amenewo.
Ena onse amene anabwera ndi zikwama
ankadziwa zonse.

Pochoka anandisiyira kachidutswa,
nambala 47, kanatsala.
Ndakaika pawindo pakati pa mabotolo.
Dzuwa likapendeka timaoneka timadontho tonyezimira,
kaya ndi zitsulozo, kaya ndi maso anga okalamba.
Usiku ndimachotsa kachipangizo kukhutu,
nyumba yonse n'kukhala chete
ngati dambo lija, fumbi litangotha kugwa,
mtengo woyamba usanaganize zophukanso.