Fomu ya a Makwinja

Munabwera Lachiwiri, a Makwinja,
nsapato zanu zikuopa mame,
fomu m'manja, cholembera kukhutu,
n'kundifunsa kuti chaka chathachi
zatera ndege zingati pano.

Ndinati zisanu ndi ziwiri.
Munalemba kanambala kamodzi kopindika ngati ngowe yanga,
kenaka n'kuyang'ana udzu wonsewu mpaka kuphiri la Mpyupyu
ndi maso a munthu amene wayamba kale kudula mapuloti.

Sindikutsutsani.
Waya wa mpanda anamanga nawo makola a nkhumba.
Kansalu koonetsa mphepo kanang'ambika dzana,
ndinasoka ndekha ndi ulusi wa thumba la feteleza.
Mbuzi za a Sitima zimalidziwa bwaloli
kuposa aliyense wovala yunifolomu,
ndipo Loweruka lililonse ndimasasa mawu
kukangana ndi anyamata okumba maenje a magoli
pomwe tayala liyenera kugunda.

Koma timabokosi ta pafomu yanu n'tating'ono.

Ziwiri zinali za alendo odzajambula phiri la Zomba.
Sanandipatse moni. Zimenezo mukhoza kufufuta.

Ina inabwera ndi chiperoni, masana kuli bii,
mnyamata wophunzira kuuluka atataya njira ya ku Chileka,
mafuta atatsala oti n'kuyatsira koloboyi.
Anazungulira kawiri, n'kuona mzere wa miyala
umene ndimapaka laimu wogula ndi ndalama yanga.
Atatsika mawondo anamukana,
anakhala pansi n'kugwira udzu ndi manja onse awiri.
Ndinamupatsa madzi m'chigubu, sanathe n'kunena zikomo.

Zitatu zinabwera sabata imene Likangala anakwiya,
msewu utasanduka phala, malole atagona chammbali.
Tinatsitsa mabokosi a madiripi mvula ikutikwapula,
anamwino akuwerenga mokuwa,
makabaza atandanda ngati pamaliro a munthu wolemera.

Yachisanu ndi chiwiri ndiyo ndimalephera kuifotokoza bwino.
Ndaziona, mpongozi wa a Likaka,
tsiku lachitatu mwana atapingasa m'mimba,
milomo itayera ngati phulusa.
Tinamunyamula pachitseko.
Woyendetsa anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula,
anachotsa mpando umodzi n'kuusiya pa udzu,
ndipo ndinausunga m'kanyumba kanga milungu itatu.
Mwanayo pano akukwawa, amadya dothi la pabwalo lomweli.
Anamutcha Mapiko. Ine sanandifunse.

Ndiye lembani nambala yanuyo, ndi yoona.
Ndingofunsako, a Makwinja:
ambulera imene ndaiona kumbuyo m'galimoto mwanu,
chilimwe chonsechi mwaitsegula kangati?
Bwanji simunaigulitse?

Mwina akulu anu kutauni anena zoona,
chimanga chingabereke pano, nthaka yapuma zaka zambiri,
ndipo mdzukulu wanga yemwe akufuna malo omangapo.
Usiku wina ndimaganiza choncho nanenso,
malipiro akachedwa mwezi wachitatu.

Pepani, ndikusiyani mumalize nokha kuyeza.
Chiswe chamanganso kachulu usiku wathawu
chakumapeto uko, pomwe ndege imayamba kuthamanga.
N'kakang'ono, kofika m'kakolo,
koma ndikakasalaze dzuwa lisanakaumitse.
Sindidziwa amene ali m'mitambomo lero,
akuyang'ana pansi, kufuna mzere woyera.