Wojambula wa ku Khonsolo

Zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndakhala ndikujambula makhansala a tauni ino
ya m'mbali mwa mtsinje wa Paraguaçu.
Nyali yanga sindinaisunthepo.
Idazolowera nkhope zoyera, mataye,
ndi maina omwe aja olembedwa pa zipata za minda ya nzimbe.
Bambo akatopa, mpando umatsalira mwana
ngati chipewa.

Lero kwabwera Valdelice dos Anjos,
nsapato zili m'jumbo poopa matope.
Wazivalira pakhonde, atatsamira khoma
lodzaza ndi amuna a m'mafelemu.
Mlonda wamulozera khomo la kuseri
lolowera okolopa.
Iye wangotulutsa kalata yachidindo.
"Khomo ilo ndimalidziwa," watero,
"amayi anga adalikankha mpaka msana kupindika."

Ndikumukumbukira.
Chisankho chinacho chipani chidaperewera akazi pamndandanda,
lamulo likuwerenga mitu,
ndiye adakamutola kuchipatala
akuweruka ntchito ya usiku, maso ali psuu,
n'kumuimika pamaso panga: jambulani msanga.
Sadamusindikizire ngakhale kapepala komata pamtengo wa magetsi.
Dzina lake lidali mwala woikira kuchitseko
kuti ena adutse.
Mavoti atatu.
Lake, la mng'ono wake,
ndi la wina amene akumufunabe kuti amuthokoze.
Si ine. Ndikadakonda kunama.

Ulendo uno adakwera yekha makwerero a kumtunda,
kumene basi imathera mphamvu,
kugogoda kwa amene adawamanga zilonda,
kwa amene adawagwirira mwana akutsalima.
Sadalonjeze mlatho.
Adangonena za mpope wouma ndi ambulansi yopanda matayala.

Wakhala pampando wanga tsopano.
Thwa!
Ndayang'ana pagalasi:
bulauzi yoyera ikuwala ngati mchere,
nkhope ndi mthunzi, maso awiri akuyandama mumdima.
Ndanamizira mitambo.
Wasuzumira, wakhala chete pang'ono.
"Seu Anacleto, bulauzi mwaijambula bwino.
Nanga ine?"

Dzanja langa lili pa kamera.
Ndaliyang'ana. Khungu lake ndi lomwelo.
Zaka zonsezi ndikudya ndalama za nyali
imene sidziwa nkhope ya mwini wake.

Miyendo ya nyali idazika m'matabwa,
sikulufu idadya dzimbiri.
Ndapita kukabwereka pulayala kwa wokonza mawotchi.
Itasuntha, pansi patsala timaenje titatu.
Ndaitsitsa, ndaipendeketsa, ndatsegulanso zenera,
ndipo watulukira pang'onopang'ono:
chipsera cha pachibwano,
imvi zisanu pamwamba pa khutu,
kamzere ka pamphumi ka munthu wozolowera kuwerenga madontho a diripi.

Mkulu wa chipani walowa akununkhira mafuta,
akufuna chithunzi dzanja lili paphewa pake,
akuti chipani chathu ndi cha aliyense.
Valdelice wawerama kumanga lamba wa nsapato
amene sadamasuke.
Dzanja latsala m'malere.
Ndajambula chomwecho, sindimupatsa.

M'chipinda chokambirana muli mipando khumi ndi itatu.
Wake uli kumapeto, pansi pa fani yolira,
ndipo chimbudzi cha akazi chili kunsi, kuseri kwa zitsache.
Sindidziwa adzavota bwanji ikadzafika nkhani ya malo a msika.
Mwina adzatikhumudwitsa ngati enawa.
Nawonso ndi ufulu
umene amayi ake sadaulaweko.

Mawa kubwera amuna khumi ndi awiri aja.
Adzatsinzina, adzati kwawala mwachilendo.
Nyali sindiibwezera.

Chatsala ndi khoma. Malo adatha kalekale.
Ndauza mlonda yemwe uja agwire makwerero,
tiyambire kwa atsamunda a ndevu zopota,
aliyense asendere pang'ono,
zala zinayi basi.
Msomali ndauluma kale pakamwa.