Madigiri Khumi ndi Atatu

Buku lathu analisindikiza kutali,
mumzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere,
ndipo pa tsamba 41 limanena mosaphethira:
madzi amawira pa madigiri zana.

Ife tili ku Potosí,
kumene mlendo amaima kawiri pa makwerero a sukulu,
dzanja pachifuwa, mtima uli thithithi.

Lachitatu m'mawa, mazenera atachita mbuu ndi chisanu,
ndinayatsa kachitofu ka gasi, kamodzi komweko kamene katsala.
Ana makumi anayi, majuzi awiriawiri,
anaunjikana patebulo, ena kudzaona sayansi,
ambiri kudzaotha.
Nayra Tarqui ndiye anagwira themometa.

Ulusi wofiira unakwera, unakwera,
unapitirira makumi asanu ndi awiri,
unapitirira makumi asanu ndi atatu,
ndipo pa 87 unaima nji,
ngati lama yokana katundu.
Madzi ali bwatabwata. Nthunzi ili tolotolo.

"Taudikirani," anatero Ovidio Aruquipa, "wangotopa."
Tinadikira. Madzi anaphwa theka.
Wina anati themometayo njokalamba kuposa a hedi.
Wina anati gasi wa masiku ano ngwopanda mphamvu.
Wina anati madzi a pampopi wathu alawa mtovu wa mumgodi.
Aliyense anapeza womuloza chala,
koma buku linali gone patebulo, lopanda mlandu.

Usiku ndinachonga makope.
Zana. Zana. Zana, ndi kamzere kaukhondo kunsi kwake.
Nayra, amene diso lake linali pafupi kuposa onse,
analemba 87,
nafufuta, nafufutabe mpaka pepala linabooka,
nalemba zana pambali pa bowolo.

Cholembera chofiira chinandilemera m'manja.
Inenso, ndili msinkhu wake, m'chipinda chomwecho,
ndinaona 87 ndi maso anga awa,
ndinalemba zana,
ndinakhoza,
n'chifukwa chake lero ana amandiimirira ndikamalowa.

Kutacha ndinabwera ndi mabulangete asanu ndi limodzi
ndi kumufunditsa Ovidio onsewo pakati pa kalasi.
"Dzuka." Anavutika, anzake ali kikiki.
Ndinachotsa awiri. "Dzukanso." Anadzambatuka.
Mpweya nawo umalemera, ndinatero,
kunyanja umapsinja madzi ndi mabulangete ake onse,
kuti nthunzi ithawe pamafunika moto wambiri.
Kuno phiri latinyamula, latifundula,
madzi athu amafulumira kuwira
asanatenthe mokwanira.

Kunali zii, kupatula chifuwa cha wina kumbuyo.

Ovidio, akupinda bulangete, anafunsa osandiyang'ana:
"Ndiye kuti nyemba za amayi,
zija amatereka tikamapita kusukulu
n'kukhalabe zolimba bambo potuluka mumgodi,
si ulesi wawo?"
Kalasi inaseka. Iye sanaseke.
Anapinda bulangete lija kanayi, mosamala,
ngati kalata yopita nayo kunyumba.

Belu litalira Nayra anatsalira.
"Aphunzitsi Yujra, nanga pa mayeso tilembe chiyani?
Wochonga sadzakwera kuno kudzawiritsa madzi."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikudya choko,
yankho lake ndinalibe lokonzeratu.
Ndinati, lemba zana,
koma uwonjezere mawu amodzi: kunyanja.
Ndipo kope lakoli usalitaye.

Anatsegula tsamba lija, nalikweza pazenera
kuti aone kukula kwa chimene anawononga.
Dzuwa linalowera pabowo
n'kugwa patebulo ngati kandalama.
Anatsinzina diso limodzi, nasuzumira.

"Ndikuona phiri," anatero.
"Lonse lakwana."

Kenaka anandibwereka cholembera changa chofiira,
chimene mwana sakhudza,
ndipo pansi pa bowolo, ndi manambala akuluakulu opendama,
anabwezera 87 pamalo pake,
nalembanso tsiku, ndi dzina la mzinda wathu.