Timbalame ta pa Mayina

Ku Opava, mu ofesi yapamwamba ya nyuzipepala,
ntchito yanga ndi ya anthu omwalira.
Ndimalemba dzina, tsiku, ola la maliro,
ndikadina batani lobiriwira
makina amatenga mawu anga kukawachapa.

Amachapa bwino, sindikana.
Mipata iwiri amaisandutsa umodzi,
chilembo choyamba amachiimika chilili,
chiganizo chikatalika amachidula mchira
n'kusiyapo timadontho titatu
ngati munthu amene mawu amuthera pakhosi.

Lachiwiri kunabwera bambo Vojtěch Kubíček,
chipale chikusungunuka pamapewa a jekete,
foni ataigwira ngati dzira.
"Mayi, uyu si mkazi wanga."
Ndinayang'ana: Ruzena.
"Wanga ndi Růžena.
Pa u pali kamphete, pa z pamatera kambalame.
Zaka makumi anayi ndakhala ndikulemba dzinali
pamaenvelopu, pamafomu a kuchipatala.
Wamuvula ndani?"

Ndinati ndi makina.
Yankholo linandiwawa m'kamwa,
poti makina alibe nkhope yochitira manyazi.

Usiku umenewo basi yomaliza inandisiya dala.
Ndinatsegula kumene malamulo amagona,
mzere pansi pa mzere:
ukapeza ichi, ikapo icho,
ukapeza ichi, ikapo icho.
Khofi anazizira m'kapu.
Pa mzere wa 412 ndinaupeza msampha:
chilichonse chokhala pamutu pa chilembo, chotsa.
M'munsi mwake timawu ta amene anautchera
zaka khumi ndi chimodzi zapitazo:
"Kwa kanthawi chabe, tikonza sabata yamawa."
Anasaina kuti Zdenek,
nayenso kambalame kake katamuthawa.

Ndinaseka ndekha mumdima, kenako ndinaleka.

Ndinafufuta mzerewo chala chikunjenjemera,
pakuti lamulo limodzi
linali litagwira masamba zikwi zisanu ndi zinayi.
Kagudumu ka pasikirini kanazungulira, kanazungulira.
Ndiye timbalame tinayamba kubwerera:
pa Šárka, pa Čeněk wokonza mawotchi,
pa Božena amene anafa sabata imodzi ndi mlongo wake,
tonse phee pamayina
ngati anamzeze pawaya wa magetsi.
Makina sanatiphe ayi,
ankangotitsekera kuseri kwa galasi.

Koma si tonse tinabwera.
Alipo mayina amene ndinawalemba ndekha osavala,
nditazolowera kuti adzavulidwa basi,
ndivutikiranji.
Amenewo anatsala mbulanda,
ndipo palibe lamulo lowaveka.
Ndawawerenga: mazana atatu ndi makumi awiri.
Ndimakonza khumi patsiku, ndi manja,
ndikuimbira abale awo mmodzimmodzi:
pepani, bambo anu ankalilemba bwanji dzina lawo?
Ena amadula foni.
Wina analira, n'kunditchulira chilembo chilichonse kawiri.
Wina anati sakumbukira,
akayang'ana pamwala wa kumanda Lamlungu.

Bambo Kubíček sanabwerenso.
Anangosiya pakhomo botolo la jamu wa mapulamu,
pachivindikiro pali kapepala
ka dzanja la mayiyo, chaka chatha:
kamphete kozungulira bwinobwino,
kambalame kopendekeka pang'ono kumanja
kumene cholembera chinatsetsereka.
Sindinalitsegule.
Lili apa, pakati pa kiyibodi ndi foni,
ndipo mawa ndiyambira pa dzina la 71.