Masekondi Khumi ndi Asanu

Anandibweretsera sikirini yatsopano Lolemba,
yotambalala ngati zenera la ku banki,
ati yakale ija, yamsana wa fulu, ipume.
Ndinaiyatsa nkhungu isanachoke pa malata a ku Katoto
ndipo zilembo zonse zinali zitasanduka nyerere.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikutayipa
makalata ofunsira ntchito,
mapangano ogulitsana malo ku Mchengautuba,
ndondomeko za maliro,
lero dzina la munthu ndilisake ndi mphuno pagalasi
ngati nkhuku yotola mawere mumchenga?

Fiskani, wokonza mafoni khomo lachitatu,
analowa akusansa mawawa m'tsitsi.
"Amama, maso anu alibe mlandu.
Timadontho tachuluka m'galasimu, ndiye zonse zafinyana."
Anagwira mausi, kudina kumanja,
n'kutsitsa manambala awiri ochulukitsana aja.

Zilembo zinatupa, inde,
koma zili mbuu ngati inki yogwera m'madzi.
Ndipo a Chavula anga,
amene chithunzi chawo chimakhala kuseri kwa mafayilo,
ataima pa depoti m'jekete yobwereka,
anafutukuka m'mbali, masaya kudzaza,
munthu amene anatisiya ali ngati bango.
Ndinaseka.
Kenako kuseka kunandikakamira pakhosi.

Pakati pa nkhope yawo panatuluka kabokosi
kofunsa ngati ndikufuna zikhale chomwechi,
n'kuyamba kuwerenga chobwerera.
Khumi ndi asanu. Khumi ndi anayi.
"Mukapanda kuyankha zibwerera zokha mwakale,"
anatero mnyamatayo, chala chili m'malere.
Ndinamugwira dzanja.

Khumi.
Onenepa chonchi sindinawaonepo,
ngati bambo wopuma ntchito bwinobwino,
wodya zake, wodandaula za lamba.
Asanu ndi awiri.
Usiku uja ku chipatala chachikulu
palibe kabokosi kanatuluka kudzandifunsa.
Atatu. Awiri.
Galasi linaphethira,
ndipo anabwerera m'jekete yawo yokhuthukira m'mapewa.

Fiskani anatsokomola, n'kuyang'ana kumsewu
kumene a sakaramento ankapalasa m'matope.
"Timadontho tisiyeni momwe tinabadwira.
Tikuze zilembo zokha."
Handiredi inakhala handiredi fifite.
Dzina lililonse linaima njo, lakuthwa m'mbali,
ngati lomenyedwa ndi taipilaita yanga yoyamba.
Koma tsamba linatsala theka,
mzere wa ndalama unagwera kunja kwa galasi,
ndiyambe kuukoka ngati mbuzi yokana kulowa m'khola.
Ukakuza ichi, icho chimatuluka panja;
ngakhale nyumba yanga ya ku Chibavi imadziwa zimenezo.

Tinagwirizana pa handiredi twente-faifi.
Ndalama anakana,
anangotenga nthochi ziwiri pa shelefu ya mapepala.

Tsopano ndimaona.
Wa matabwa a ku Chikangawa salandiranso lisiti yosowa ziro,
ndipo msana wanga wasiya kupempha kwa galasi.

Koma madzulo ena, ndikatseka chitseko,
magetsi akakhala kuti sanathawe,
ndimadina kumanja ndekha,
ndimatsitsa manambala aja monga ndinaonera,
n'kupinda manja.
A Chavula amanenepa.
Kabokosi kamafunsa funso lake.
Ine sindiyankha.
Ndimangowerenga nako pamodzi, motsitsa mawu,
mpaka galasi litaphethira,
kenako ndimavala juzi
n'kupita kukakwera ya ku Chibavi.