Nambala 47

Kombi yoyamba ya ku Mufakose imandipeza kusanache,
buledi m'thumba la ovolosi, tulo tikadali m'maso.
Ndimatsika pa Mbare, n'kukwera ina,
mpaka nyumba zitatha,
msewu wa ku Mazowe utayamba kununkha ndowe.

Mwana wanga Tiyanjane anamufunsa kusukulu
ntchito imene bambo ake amagwira.
Anati: amatola kugeya kwa ng'ombe.
Kalasi yonse inafa ndi phwete,
aphunzitsi mpaka kupukuta misozi.
Koma mwanayo sananame.

Ndimamanga kachitini pakhosi pa ng'ombe,
kapaipi kowonda ngati phesi la udzu
kamakwera tsaya, kukagona pamwamba pa mphuno.
Usana ndi usiku kamamwa pang'onopang'ono
zimene ng'ombe ikutaya osadziwa.
Tsiku loyamba ndinakaima cha kumchira, kudikira.
Mayi Dzvairo, dokotala wa manambala, anandikoka mkono:
Sekuru Gwedeza, zambiri zimatulukira kukamwa.
Zaka makumi awiri ndikupala khola
osadziwa kuti m'mimba mwa ng'ombe mumafufuma ngati mbiya ya mowa.

Metheni.
Alibe mtundu, sungamuloze ndi chala.
Akuti amakwera, n'kukayala bulangete kumwamba,
dziko n'kumatuluka thukuta pansi pake.
Ine chimene ndikudziwa n'chakuti jakaranda wathothoka m'tauni monse
mvula isanatiganizire n'komwe.

Pakhutu pake analembapo 47.
Ine ndimamutcha Nachisale, dzina la azakhali anga
amene ankasunga mawu tsiku lonse
kenako n'kuwatulutsa onse kamodzi.

Nkhosa ndiye zovuta.
Timazitsekera m'bokosi loonekera mkati, imodziimodzi,
wotchi ili m'manja.
Imaponda, imalira,
imandiyang'ana ngati ndachokera kubutchala.
Ndimaiuza kuti pepa, tikungofuna mpweya wako,
m'Chishona, kenako m'Chichewa,
siimva zonse ziwiri.

Mwezi wathawu tinasintha chakudya.
Mu udzu wouma tinaikamo masamba a lukina
ndi zotsalira za mpendadzuwa akafinya mafuta.
Nachisale ananunkhiza, anatembenuka, ananyanyala masiku awiri.
Lachitatu lake njala inamulangiza.
Nambala inatsika. Pang'ono pokha.
Mkaka unakwera ndi kapu imodzi ndi theka.
Mayi Dzvairo anavina ndi magambuti m'matope,
akuti chimene ng'ombe yageya
ndi udzu umene unalephera kusanduka mkaka.
Kenako magetsi anazima,
jenereta inakhosomola n'kukana,
makina owerengera anagona masiku anayi,
zitini zinaunjikana pakona ngati ngongole.

Madzulo ndege imadutsa pamwamba pa khola.
Nachisale sadzutsa mutu.
Ine ndimadzutsa wanga,
kuti ndione ngati nayonso anaimanga kachitini pakhosi.
Ndinafunsa tsiku lina.
Mayi Dzvairo anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali.
Anati: tikapanda kuyeza zathu
ena adzatiyezera ali kutali,
adzalemba nambala ya ng'ombe zonenepa za kwawo
pa nthiti za zathuzi.
Sanandiyankhe za ndege.

Agogo anga anachoka ku Dedza wapansi,
anakalambira pafamu ya fodya kuseri kwa mapiri awa.
Ankanyamula mabelo kupita nawo pasikelo,
koma singano inkayang'ana kwa mwini famu.
Anamwalira osaona kulemera kwa chimene anasenza.

Lero kope lili m'manja mwanga.
Pensulo ndimasongola ndi mpeni wodulira zingwe.
Tsiku, ola, nambala ya chitini,
ndimalemba mosathamanga, seveni ndimamudula pakati
kuti asafanane ndi wani.

Ndikuwerama kumasula lamba,
Nachisale akukweza khosi,
akundigeyera kumaso kwenikweni,
mpweya wofunda, wa udzu wowawasa.
Umenewo wathawa chitini.
Palibe amene adzauwerenge.
Ndikupukuta nkhope ndi chipewa,
ndikupita kwa 48.